David Hubel: dotolo yemwe anaphunzira za maso kwa ana amphaka

Ambirife timangodziwa kuti ntchito ya mphaka n'kugwira makoswe m'nkhokwe. Koma malemu David Hubel anapeza mwa kanyamaka nzeru imene lero ikupulumutsa maso a makanda, ngakhale kuno ku Mulanje.

Mkuluyu anabadwa mu 1926 ku Windsor, m'dziko la Canada, ndipo anachita maphunziro a udotolo pa yunivesite ya McGill. Mu 1958 anayamba kugwira ntchito ndi Torsten Wiesel wa ku Sweden pa Johns Hopkins, ku America, ndipo chaka chotsatira awiriwa anasamukira ku Harvard.

Pogwiritsa ntchito kawaya kochepetsetsa kamene Hubel anapanga yekha, ankafufuza maselo a muubongo wa mphaka, limodzilimodzi. Anapeza kuti selo lililonse lili ndi mzere wake umene limauzindikira: lina woimirira, lina wogona, lina wopendekeka.

Zodabwitsa zenizeni anazilengeza mu 1963. Akatswiriwa anasoka zikope za diso limodzi la kamphaka kongobadwa kumene. Atamasula patatha miyezi iwiri kapena itatu, disolo linalibe chilema, koma silinkaona. Vuto linali muubongo. Maselo amene anayenera kutumikira disolo anali atalandidwa ndi diso linzake. Atachita zomwezo kwa mphaka wamkulu, vuto lotere silinaoneke.

Mu 1970 anaonetsa kuti nyengo yoopsayi imayamba m'sabata yachinayi n'kutha kamphaka kakafika miyezi itatu. Pachimake pa nyengoyi, kutseka diso masiku atatu kapena anayi okha kumaononga kwambiri.

Kusoka diso la kamphaka kukumveka nkhanza, ndipo wodandaula sangakhale wolakwa. Koma kafukufukuyu anathandiza madotolo kusiya kudikira kuti mwana wobadwa ndi ng'ala ayambe wakula. Masiku ano amafuna kumuchita opaleshoni akadali khanda, chifukwa akachedwa, ng'ala imachoka koma ubongo umakhala utasiya kale kulimvera disolo.

Choncho mayi akaona kadontho koyera pakati pa diso la khanda, asadikire. Athamangire ku chipatala cha boma cha Mulanje, kumene angathe kumutumiza ku chipatala cha maso cha Lions, ku Queens mumzinda wa Blantyre.

Mu 1981 Hubel ndi Wiesel analandira mphoto ya Nobel, imene anagawana ndi Roger Sperry. Hubel anapitiriza kuphunzitsa pa Harvard mpaka atakalamba, ndipo anamwalira pa 22 September 2013 ali ndi zaka 87.