Augustine wa ku Hippo: episkopi amene anaulula machimo ake poyera

Pakati pa zaka za 397 ndi 400, episkopi wa mzinda wa Hippo kumpoto kwa Africa analemba buku limene likuwerengedwabe mpaka lero. M'bukuli, lotchedwa Confessions, Augustine anayala poyera zolakwa za moyo wake pa nthawi imene anthu ankamupatsa kale ulemu monga mtsogoleri wa mpingo.

Augustine anabadwa pa 13 November 354 ku Thagaste, tawuni imene lero ndi Souk Ahras m'dziko la Algeria. Mayi ake, Monica, anali Mkhristu wolimbikira kupemphera, pamene bambo ake, Patricius, anabatizidwa atatsala pang'ono kumwalira.

Tchimo limene analisanthula mozama m'bukuli ndi looneka laling'ono. Ali ndi zaka 16, iye ndi anzake anakathyola zipatso usiku mumtengo wa mwini wake. Njala analibe, ndipo kwawo kunali zipatso zokoma kuposa zimenezo, moti zambiri anangoponyera nkhumba. Atakula anazindikira kuti chimene chinamukomera usikuwo chinali kuchita chinthu choletsedwa, ndiponso kuti akanakhala yekha sakanaba. Kwa iye, apa ndi pamene panaonekera muzu wa uchimo: mtima wokonda choipa popanda phindu lililonse.

Atapita ku Carthage kukaphunzira luso lolankhula pagulu, anayamba kukhala ndi mkazi wina popanda ukwati wovomerezeka, ndipo anabereka naye mwana wamwamuna, Adeodatus. Kwa zaka 9 anatsatira chipembedzo cha Mani, chimene chinkaphunzitsa kuti zoipa zimachokera ku mphamvu ya mdima yokhala mwa munthu. Pambuyo pake anavomera kuti chiphunzitsochi chinkamusangalatsa chifukwa chinkamuchotsera mlandu.

M'chaka cha 384 anapeza ntchito yapamwamba ya uphunzitsi ku Milan, m'dziko la Italy. Kumeneko anamupezera mbeta ya kubanja lolemekezeka, ndipo mayi wa mwana wake, amene anakhala naye zaka zoposa khumi, anabwezedwa ku Africa, mwanayo n'kutsala ndi bambo ake. Augustine sanabise kuti kulekanako kunamusiyira bala, komanso kuti podikira ukwatiwo anatenganso mkazi wina. Dzina la mayiyo sanalitchule m'buku lonselo.

Kusintha kunadza m'chaka cha 386, ali m'munda wina ku Milan, atawerenga mutu 13 wa kalata ya Paulo kwa Aroma. Anasiya ntchito ndi maganizo a ukwati, ndipo episkopi Ambrose anamubatiza pa Pasaka wa 387. Monica anamwalira chaka chomwecho ku Ostia. Atabwerera ku Africa, Augustine anadzozedwa unsembe ku Hippo, lero Annaba, m'chaka cha 391, ndipo patapita zaka zochepa anakhala episkopi.

M'Chilatini, mawu amene ali mutu wa bukuli amatanthauza kuulula machimo komanso kutamanda Mulungu. Magawo ake onse 13 analembedwa ngati pemphero, pofuna kuonetsa kuti chikhululukiro ndi mphatso imene munthu sangaigule ndi ntchito zake.

Nkhani ya chikhululukiro inali itagawa kale mpingo wa kumpoto kwa Africa. Otsatira Donatus ankakana atsogoleri amene ankaganiziridwa kuti anapereka Malemba kwa akuluakulu a boma pa chizunzo chimene chinayamba m'chaka cha 303. Augustine ankaphunzitsa kuti mpingo ndi munda wa tirigu ndi namsongole, ndipo ubatizo sutha mphamvu chifukwa cha machimo a wobatiza. Komabe iye anavomereza kuti boma ligwiritse ntchito mphamvu pobweza anthuwa mumpingo wa Katolika, chinthu chimene ambiri amamudzudzula nacho kufikira lero.

Anamwalira pa 28 August 430, asilikali a mtundu wa Vandal atazinga Hippo. Malinga ndi mnzake Possidius, amene analemba mbiri yake, m'masiku otsiriza Augustine anapempha kuti amulembere masalimo olapa n'kuwapachika pakhoma pafupi ndi kama wake. Anapemphanso kuti alendo asamalowe, kupatula asing'anga ndi obweretsa chakudya, ndipo ankawerenga masalimowo misozi ili m'masaya.