Roy Disney, Wochirikiza Manja a Mng'ono Wake

Ana athu ku Chimwemwe ndi ku Chifubu amamudziwa Mickey Mouse. Nanga Roy Disney, ndani amamudziwa?

Roy anabadwira ku Chicago mu 1893. Anagwirapo ntchito ku banki, pambuyo pake anavutika ndi TB. Mu 1923 iye ndi mng'ono wake Walt anatsegula kampani ya makatuni ku Los Angeles. Masomphenya ndi kutchuka zinali za Walt. Roy ndiye ankasamala ndalama, kuyenda m'mabanki kupempha ngongole kuti filimu ya Snow White ituluke mu 1937.

Walt atamwalira mu Disembala 1966, Roy anali ndi zaka 73, akufuna kupuma pantchito. Sanapume ayi. Anamanga paki imene mng'ono wake ankalota ku Florida, n'kuumirira kuti itchedwe Walt Disney World. Inatsegulidwa pa 1 Okutobala 1971, ndipo pa 20 Disembala Roy anamwalira.

Werengani Eksodo 17. Aroni naye anali mkulu wa Mose, komabe iye ndi Huri anagwiriziza manja ake mpaka nkhondo itatha. Kodi mungatumikirebe ngakhale dzina lanu lisamveke? Sabata ino, musasiye manja amene Mulungu anakupatsani kuti muchirikize. Ameni!