Mahatma Gandhi, Loya Amene Anapota Thonje

Ana inu, tayang'anani malaya amene mwavala. Mukapenyetsetsa muona kuti nsaluyo ndi timaulusi tambirimbiri tolukanalukana. Ulusi umenewu unali thonje m'munda, ndipo wina anaupota. Lero tiphunzira za munthu wophunzira kwambiri amene anakhala pansi ndi kupota thonje ndi manja ake, kuti osauka a m'dziko lake apeze chakudya.

Dzina lake linali Mohandas Gandhi. Anabadwa pa 2 October 1869 mu mzinda wa Porbandar ku India. M'chaka cha 1888 anapita ku London kukaphunzira za malamulo. Iye anali wa chipembedzo cha Chihindu, koma ali komweko anawerenga Chipangano Chatsopano, ndipo chiphunzitso cha Yesu cha paphiri chinamukhudza mtima masiku onse a moyo wake. M'chaka cha 1893 anapita ku South Africa, kumene anakhala zaka zoposa 20 akumenyera ufulu wa Amwenye anzake popanda kugwira chida. Anabwerera kwao m'chaka cha 1915. Anthu anayamba kumutcha Mahatma, ndiko kunena munthu wa mtima waukulu.

Masiku amenewo dziko la India linkalamulidwa ndi Angerezi. Gandhi atayendayenda m'midzi anaona umphawi woopsa. Alimi ankalima thonje, koma thonje lambiri linkatengedwa pa zombo kunka ku Lancashire ku England. Kumeneko makina ankalipota ndi kuliomba, ndipo nsalu zake zinkabwerera ku India kuti alimi omwe aja azigule. Kale amayi a m'midzi ankapota okha ulusi, amisiri naomba nsalu, koma ntchitoyi inali itazirala m'madera ambiri. Akatha kukolola, anthu ankangokhala miyezi ingapo opanda chochita, njala ili m'nyumba.

Gandhi anaganiza kuti mankhwala a vutoli ndi chopotera thonje cha makolo, chimene kwao amachitcha charkha. Koma iye mwini sankadziwa kupota, ndipo pa mudzi umene anamanga ku Ahmedabad panalibe wochidziwa. M'chaka cha 1917 anapempha mayi wina wamasiye, Gangabehn Majmudar, kuti akamufunire. Mayiyu anayenda mtunda wautali kufikira anapeza zopotera ku Vijapur, zitaponyedwa pa tsindwi ngati zinthu zotha ntchito. Eni ake anavomera kuzitsitsa ndi kuyambanso kupota ngati wina angawabweretsere thonje ndi kugula ulusi wao.

Kodi mukudziwa mmene amapotera? Poyamba amachotsa njere m'thonje. Kenaka amalimenya ndi nsinga ya uta kuti lifewe ndi kumasuka, nalikulunga m'timipukutu totalika ngati kandulo. Wopota amakhala pansi. Dzanja lamanja limazunguza gudumu, gudumulo limazunguza kachitsulo kosongoka, ndipo dzanja lamanzere limakoka thonje pang'onopang'ono. Mukakoka mwaphuma ulusi uduka. Mukazengereza ulusi utuluka wonenepa ndi wa mfundo. Manja awiriwo ayenera kumvana. Nsalu yoombedwa pa manja ndi ulusi wotere amaitcha khadi.

Gandhi anaphunzira ntchitoyi ali ndi zaka pafupifupi 50. Anthu ena ophunzira anamuseka, poti kupota kunkayesedwa ntchito ya amayi osauka. Iye sanachite manyazi. Ankapota tsiku ndi tsiku, pa ulendo, pa msonkhano, ngakhale m'ndende ya Yeravda, mmene anakonza chopotera chaching'ono chopindika ngati kabokosi. M'chaka cha 1921 anasiya malaya, nayamba kuvala kansalu ka khadi ka m'chiuno monga amavalira alimi osauka. Taonani kuti sanauze ena kuchita chimene iye sanayambe wachita.

Koma munthu mmodzi sangaveke dziko lonse. M'chaka cha 1925 anayambitsa bungwe la opota thonje lotchedwa All India Spinners' Association. Bungweli linkapereka thonje ndi zopotera m'midzi, kuphunzitsa anthu, kugula ulusi wao, ndi kugulitsa nsalu m'masitolo ake. Ndalama zimene mayi ankalandira pa tsiku zinali zochepa, koma m'nyumba yopanda kanthu zinkagula chakudya.

Anadziwanso kuti anthu amakhulupirira chimene aona ndi maso. Chifukwa chake pa misonkhano ya pachaka ya chipani cha Congress ankakonza chionetsero. Pamenepo ankayala nsalu za khadi za mitundumitundu, ndipo amisiri ankakhala poyera akupota ndi kuomba, kuti wobwera aone njira yonse kuyambira pa thonje kufikira pa nsalu. Chithunzi cha chopotera chinaikidwa ngakhale pa mbendera ya chipanicho.

Tsono ntchito imeneyi inapweteka anthu ena. Amwenye ambiri ataleka kugula nsalu zakunja, ndipo malonda ataipa pa dziko lonse, antchito ambiri a ku Lancashire anachotsedwa ntchito. Gandhi sanabisale. M'chaka cha 1931, ali ku London pa zokambirana ndi boma, anakwera sitima kunka ku Darwen kukaonana nao maso ndi maso. Anamvetsera madandaulo ao, nawafotokozera za njala ya m'midzi ya kwao. Sanasinthe maganizo ake, komabe antchitowo anamulandira bwino. Mwina pakati pao panali ena amene anamvetsa, pakuti iwonso anali anthu odya za manja ao.

India analandira ufulu pa 15 August 1947. Patangopita miyezi isanu, pa 30 January 1948, munthu wina anamuombera Gandhi ndi mfuti mu mzinda wa Delhi, akupita ku mapemphero a madzulo. Anali ndi zaka 78. Katundu amene anasiya anali wochepa kwambiri.

Ana inu, ena mwa inu mudzapita patsogolo ndi sukulu, mudzakhala m'maofesi. Tsiku limenelo musadzanyoze khasu la atate anu kapena singano ya amayi anu. Ngati kwanu kuli agogo odziwa kuluka mphasa, kuumba mbiya kapena kupota chingwe, khalani pafupi nao muphunzire akali moyo, ndipo mukadziwa muonetseko anzanu.

Mafunso

1. Kodi Gandhi anaona vuto lanji m'midzi ya ku India?
2. Ndani anamupezera chopotera thonje, ndipo anachipeza kuti?
3. Chimachitika nchiyani wopota akakoka thonje mwaphuma?
4. Nchifukwa chiyani Gandhi anapita ku Darwen?
5. Tchulani ntchito imodzi ya manja imene mudzaphunzire sabata ino, ndi munthu amene adzakuphunzitseni.