Benedicto Kiwanuka, Woweruza Amene Sadaope Mfumu

Akristu ambiri a kuno amadziwa dziko la Uganda cifukwa ca anyamata aja amene adatenthedwa pa moto ku Namugongo m'caka ca 1886. Koma dziko lomwelo lidabala munthu winanso amene adataya moyo wake cifukwa cokana kukhotetsa cilungamo. Dzina lake ndi Benedicto Kiwanuka.

Iye adabadwa m'caka ca 1922 m'mudzi wa Kisabwa, ku dera la Masaka, m'banja la Akatolika. Caka cimeneco sukulu ya Makerere inali itangoyamba kumene, tsono makolo a mbadwo umenewo sadalowepo m'koleji, ndipo mwanayo adalibe wa pa mtundu pake womtsogolera pa njira ya maphunziro apamwamba. Ataphunzira m'sukulu za mishoni, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse idamtenga. Adalowa gulu la King's African Rifles, lomwenso anthu athu ambiri adamenyamo nkhondo, nakwera kufikira udindo wa sajeni-meja.

Nkhondo itatha, adapeza nchito yomasulira mau m'Bwalo Lalikulu la Milandu ku Kampala. Tsiku ndi tsiku ankaima pakati pa woweruza wacizungu ndi munthu wa kumudzi, naona ndi maso ake m'mene wosadziwa malamulo amasowera pogwira. Pamenepo adatsimikiza mtima kuti aphunzire malamulowo iye mwini. Anali kale bambo wa pabanja, komabe m'caka ca 1950 adapita ku Basutoland, ku Pius XII College imene Eklezia adaitsegula ku Roma m'caka ca 1945. Kucokera kumeneko adaoloka nyanja kunka ku University College ku London, ndipo m'caka ca 1956 adalandiridwa kukhala loya ku Gray's Inn. Womasulira uja adabwerera kwao ali woimira anthu pa milandu.

M'caka ca 1958 adasankhidwa kutsogolera cipani ca Democratic Party. Masiku amenewo maudindo akuluakulu a ufumu wa Buganda anali makamaka m'manja mwa Aprotestanti, ndipo akuluakulu a Kabaka sadakondwere kuti munthu wamba, Mkatolika, akhale pamwamba m'boma la dziko lonse. Kiwanuka, ngakhale anali Mganda, ankafuna Uganda mmodzi, m'mene munthu ali yense adzisankhira yekha womuimira. Cipani cake cidapambana pa cisankho ca 1961, cimene Aganda ambiri adacikana, ndipo pa 1 March 1962 iye adakhala Nduna Yaikulu yoyamba ya Uganda.

Ulemuwo sudakhalitse. Mwezi wa April caka comweco Milton Obote adagwirizana ndi cipani ca Kabaka Yekka namgonjetsa. Aphungu a Buganda adasankhidwa ndi bwalo la Kabaka, osati ndi anthu, kotero kuti Kiwanuka adatsala wopanda mpando m'Nyumba ya Malamulo. Pamene Uganda adalandira ufulu pa 9 October 1962, woukweza mbendera anali wina. Anzake ambiri adathawira ku cipani colamula, koma iye adakhala nji, nabwerera ku nchito ya uloya. Kumapeto a 1969 boma la Obote lidamtsekera m'ndende.

Mwezi wa January 1971 Idi Amin adalanda boma, namtulutsa m'ndendemo, ndipo mu June adamuika kukhala mkulu wa oweruza onse, Mwafrika woyamba wa ku Uganda pa mpando umenewo. Tisabise kuti Kiwanuka, monga anthu ena ambiri, adayamba wakondwera ndi Amin, apa adanyengedwa. Koma atakhala pa mpandowo sadayese kuti ali ndi ngongole kwa womuikayo. Asilikari ankagwira anthu popanda mlandu, ndipo iye adaonetsa kuti mfuti ilibe mphamvu yoposa lamulo. M'caka ca 1972 adalamula kuti Mngelezi wina wamalonda, amene asilikari adamtsekera mosatsata lamulo, amasulidwe. Masiku omwewo otsatira Obote adalowa m'dzikomo ndi nkhondo kucokera ku Tanzania, ndipo mtima wa Amin udawira.

Pa 21 September 1972 anthu a mfuti adalowa m'Bwalo Lalikulu, momwe muja adayambira nchito ya womasulira, namgwira usana, anthu akuona. Sadaonekenso. Boma lidakana kuti silikudziwapo kanthu, koma mboni zidaulula pambuyo pake kuti adaphedwa m'manja mwa asilikari a Amin. Anali ndi zaka 50, ndipo mkazi wake ndi ana sadapatsidwe mtembo woti auike m'manda. Mseu wina waukulu wa mu Kampala udachedwa dzina lake.

Makolo amene mumagulitsa cimanga ndi mbuzi kuti mwana wanu akhale woyamba pa mtundu wanu kufika ku yunivesite, ganizani za munthu ameneyu. Nanunso ana amene mwafikako, dzifunseni kuti maphunziro anuwo adzachinjiriza yani. Kiwanuka akadangokhala cete, akadasunga mpando ndi malipiro ake. Koma adadziwa kuti woweruza wa pansi pano adzaimanso pa bwalo la Mulungu. Timpempherere, ndipo tipemphererenso oweruza a dziko lathu, kuti Ambuye awapatse mtima wolimba wotere.