Jacques Plante

Joseph Jacques Omer Plante (17 Januwale 1929 – 27 Febuluwale 1986) anali goloboyi wa ku Canada pa masewera a hockey ya pa madzi oundana. Iye ndiye goloboyi woyamba mu ligi ya NHL kuvala chigoba choteteza nkhope pa masewera onse.

Ubwana wake

Plante anabadwira ku Notre-Dame-du-Mont-Carmel m'chigawo cha Quebec ndipo anakulira ku Shawinigan Falls. Anali mwana woyamba m'banja losauka la ana 11. Matenda a mphumu ankamulepheretsa kuthamanga nthawi yaitali, choncho anayamba kuima pagolo.

Ku Montreal Canadiens

Anasewerera timu ya Montreal Canadiens kuyambira 1953 mpaka 1963. Ndi timuyi anapambana chikho cha Stanley Cup kasanu ndi kamodzi: mu 1953, kenaka zaka zisanu zotsatizana kuyambira 1956 mpaka 1960. Mu 1962 analandira Hart Trophy, mphoto ya wosewera wofunika kwambiri mu ligi.

Chigoba

Mu hockey osewera amamenya ndi ndodo kampira ka labala, kafulati komanso kolimba kwambiri. Nthawi imeneyo magoloboyi ankasewera nkhope ili pamtunda, ndipo ambiri ankathyoka mphuno ndi mano. Plante anali ndi chigoba cha fibreglass, koma mphunzitsi wake, Toe Blake, ankamulola kuchivala pokonzekera masewera pokha.

Pa 1 Novembala 1959, akusewera ndi New York Rangers, kampira komenyedwa ndi Andy Bathgate kanamung'amba kumaso. Atamusoka, anakana kubwerera pagolo popanda chigobacho. Timuyo inalibe goloboyi wina, motero Blake anavomera, ndipo Montreal inapambana 3–1. Ena ankamunena kuti ndi wamantha, koma timuyo inasewera masewera 18 otsatizana osagonja. Pang'onopang'ono magoloboyi ena anayamba kumutsanzira, ndipo womaliza kusewera wopanda chigoba mu NHL anali Andy Brown mu 1974.

Zaka zomaliza

Plante anasewereranso New York Rangers, St. Louis Blues, Toronto Maple Leafs, Boston Bruins ndi Edmonton Oilers, n'kupuma mu 1975. Mphoto ya magoloboyi ya Vezina Trophy anailandira kasanu ndi kawiri, ndipo mu 1978 analowetsedwa mu Hockey Hall of Fame. Anamwalira ndi khansa ya m'mimba ku Geneva, m'dziko la Switzerland, ali ndi zaka 57. Mu 1995 Montreal Canadiens inasiya kupereka nambala 1 kwa osewera ake pomukumbukira.