James Clyde Mitchell, Munthu Amene Anajambula Ubale wa Anthu pa Pepala

M'dziko la Mfumu Kalindawalo, kucokera ku Petauke kufikira ku Nyimba, mlendo akafika pamudzi akulu safulumira kumfunsa za ulendo wake. Amayamba afunsa mfunda wake, kwao kwa amai ake ndi dzina la amalume ake, kufikira atapeza cingwe comlumikiza ndi wina wa pamudzipo. Nzeru ya kulondola ubale ndi yakale pakati pa Ansenga, Acewa ndi Angoni. Koma m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 panali munthu wina amene anaiika nzeru yotere pa pepala, naisandutsa cinthu cotheka kuwerengedwa ndi masamu. Dzina lake ndi James Clyde Mitchell. Lero njira yofanana ndi yake ndiyo imene ophunzira a m'mayunivesiti amapimira nayo ubale wa iwo okhaokha, ndi kuona kuti mau a yani amamveka kutali.

A Mitchell anabadwa pa 21 Juni 1918 ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa. Atatsiriza sukulu anagwira nchito ya ukalaliki m'boma, ndipo maphunziro apamwamba anacita akaweruka ku nchito. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse analowa gulu la ndege za nkhondo la South Africa, kumene nchito yao inali kulondolera woyendetsa ndege njira ndi mapu ndi masamu. Cikondi ca manambala sicinawacoke moyo wao wonse.

Nkhondo itatha, mu 1946, analembedwa nchito ndi bungwe la Rhodes-Livingstone Institute, limene linali ku Livingstone ndipo mkulu wake anali Max Gluckman. Colinga ca bungweli cinali kufufuza makhalidwe a anthu a m'maiko a pakati pa Africa. Mnzao John Barnes anatumidwa kwa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata. Max Marwick anapita kwa Acewa, ndipo a Mitchell anaoloka malire kupita ku Nyasaland, kwa Ayao a kwa Malemia kufupi ndi Zomba.

Kumeneko anakhala m'midzi pakati pa 1946 ndi 1949, akuwerenga nyumba imodziimodzi ndi kulemba mibadwo ya anthu. Ayao, monga Ansenga, amatsata ubale wa kucikazi, ndipo mwamuna amakakhala kwao kwa mkazi. A Mitchell anaona kuti mudzi umaima pa mbumba, ndiko kuti alongo ndi ana ao pansi pa mlongo wao wamwamuna. Mbumba zikacuruka, ana a mai wamkulu ndi ana a mai wamng'ono amayamba kukokana. Matenda akagwa kapena mwana akamwalira, kulozana ufiti kumayamba, ndipo posacedwa wina amanyamula mbumba yake kukamanga mudzi watsopano. Iwo anasonyeza kuti mudzi sugawika mwacisawawa: umang'ambika potsata msoko wa ubale, ndipo munthu amene ali ndi cithunzi ca mibadwo ya pamudzipo angathe kulozeratu pamene ung'aluwo udzadzere. Nchito imeneyi inawapatsa digiri ya udokotala wa maphunziro ku Oxford mu 1950, ndipo buku lake, The Yao Village, linatuluka mu 1956.

Kucokera ku midzi anapita ku migodi ya ku Copperbelt. Ku Luanshya ndi ku Ndola anakhazikitsa gulu la Aafirika ophunzira amene anayenda m'makomboni khomo ndi khomo kufunsa anthu kumene anacokera, zaka zimene anakhala m'tauni, ndi ngati anali kutumizabe ndalama kumudzi. Mwa anthu amene anagwira nchito yotere m'bungweli munali Simon Katilungu, amene dziko la Zambia litalandira ufulu anakhala kazembe wake ku London. Munalinso Sykes Ndilila, amene anathandiza kulemba nyimbo za gule wa Kalela.

Gule ameneyu anali kuvinidwa ndi anyamata a Cibisa ku Luanshya Lamulungu masana, atabvala zoyera ndi zositidwa bwino, ali ndi mfumu yao, dokotala ndi nasi wao wa m'masewera. M'kabuku ka The Kalela Dance, ka mu 1956, a Mitchell anafotokoza kuti mtundu wa munthu m'tauni sufanana ndi mtundu wake kumudzi. Kumudzi umanena za mfumu, minda ndi malowolo. M'tauni umangothandiza munthu kudziwa msanga amene angaseke naye, amene angabwereke kwa iye ndalama, ndi amene adzakumbe manda ake. Anapezanso kuti anthu akakhala kutali ndi kwao, anzao amawaunjika pamodzi: Msenga, Mcewa ndi Mngoni, amene kwao amadziwana kusiyana, kwa Mbemba onse anali amodzi a kum'mawa.

Kuyambira 1952 kufikira 1955 a Mitchell anali mkulu wa Rhodes-Livingstone Institute, ndipo m'zaka zimenezo likulu lake linasamukira ku Lusaka. Bungwe lomweli pambuyo pake linafika m'dziko la Kalindawalo kudzera mwa Raymond Apthorpe, amene anafufuza mbiri ndi mafuko a Ansenga ku Petauke. Mu 1961 John Blacking anadzagwirizana naye, najambula nyimbo za kalimba wa Cinsenga. Mu 1955 a Mitchell anakhala pulofesa pa koleji yatsopano ya yunivesiti ku Salisbury, kumene tsopano ndi ku Harare, ndipo mu 1966, Rhodesia ali m'manja mwa Ian Smith, anayamba nchito ku yunivesiti ya Manchester ku England.

Cinthu cimene cinawabvutitsa maganizo m'zaka zonsezi cinali ici: m'tauni mulibe mbumba kapena mudzi woti nkujambula, nanga moyo wa munthu wa m'komboni uufotokoza bwanji? Yankho linacokera kwa John Barnes, amene atacoka kwa Mpezeni anakafufuza asodzi a ku Bremnes m'dziko la Norway, ndipo mu 1954 analemba kuti ubale wa anthu uli ngati ukonde. A Mitchell anatenga fanizoli naliika m'malamulo. Munthu aliyense akhale kadontho pa pepala, ndipo pakati pa anthu awiri odziwana pakhale mzere. Tsono mizere iwerengedwe. Pakati pa anthu 10 pangathe kukhala mizere 45 ngati aliyense adziwana ndi mnzake. Ikapezeka 40, ukondewo ndi wothinana, nkhani imafala tsiku limodzi ndipo wolakwa alibe pobisala. Ikapezeka 12, ukonde ndi wa maso akulu, ndipo munthu mmodzi wolumikiza magulu awiri amakhala ndi mphamvu yoposa cuma cake.

Koma anaumirira kuti kuwerenga kokha sikukwanira. Mzere uliwonse uyenera kufunsidwa cimene wanyamula, kaya ndi cibale, ngongole, cipembedzo kapena nchito, ndiponso kumene ulozera, pakuti wina angachule mnzake bwenzi pamene mnzakeyo samuwerengera nkomwe. Mzere wonyamula zinthu zitatu suduka msanga monga wonyamula cimodzi. Zonsezi anazilongosola m'buku la Social Networks in Urban Situations la mu 1969, limene linasindikizidwa ku Manchester m'dzina la nthambi yofufuza ya yunivesiti ya Zambia. Zitsanzo zambiri za m'bukumo ndi za dziko lino: A. L. Epstein analemba za Ndola, Bruce Kapferer za mkangano wa anchito pa mgodi wa Broken Hill, umene ndi Kabwe, ndipo David Boswell za m'mene anthu a mu Lusaka amasonkhanitsira thandizo pa maliro.

Pa nthawi yomweyo, ku America, anthu ena anali kuyenda njira yaoyao imene inadzakumana ndi imeneyi. Wophunzira akalemba nkhani ya zofufuza, mwambo wa nchito yao ndi wakuti achule kumapeto maina a onse amene watengako nzeru, monga nduna pa bwalo imachulira mlandu wakale umene unaweruzidwa cimodzimodzi. Mu 1955 Eugene Garfield anapereka ganizo lakuti mndandanda umenewu utembenuzidwe, kuti pa nkhani iliyonse padziwike onse amene anaichula pambuyo pake, ndipo mu 1964 bungwe lake la ku Philadelphia linayamba kusindikiza Science Citation Index. Mu 1965 Derek de Solla Price anasonyeza kuti kuchulana kumeneku nakonso ndi ukonde. Henry Small mu 1973 anaonjeza kuti nkhani ziwiri zikamachulidwa pamodzi kawirikawiri ndi olemba ena, ndiye kuti pali ubale pakati pao, ndipo mu 1981 Howard White ndi Belver Griffith anacita cimodzimodzi ndi maina a olemba. Pa mapu otere ophunzira amaoneka m'timagulu ngati midzi, ndipo miyeso yonga ya a Mitchell, ya kuthinana ndi ya munthu wolumikiza magulu, ndiyo imene makompyuta amapimira nayo. Masiku ano mayunivesiti ambiri amayang'ana ciwerengero cimeneci pofuna kukweza mphunzitsi pa nchito kapena kumpatsa ndalama zofufuzira.

Apa mpamene cenjezo la a Mitchell lioneka kulemera kwake, ndipo citsanzo cabwino ndi iwo eni. Mu 1971 Bernard Magubane wa ku South Africa, amene anaphunzitsapo pa yunivesiti ya Zambia, analemba nkhani yodzudzula a Mitchell ndi a Epstein kuti anataya nthawi ndi zobvala ndi magule a Aafirika, nacepetsa za goli la atsamunda limene linali pa makosi ao. A Mitchell anayankha podziteteza, ndipo mtsutsowo ukali kuwerengedwa. Koma kwa makina owerengera, kuchula kwa wodzudzula ndi kuchula kwa woyamikira ndi mzere umodzimodzi.

Palinso kusoweka kwina kokulirapo. Olemba za Africa amachula pamodzi maina a Gluckman, Mitchell, Barnes, Epstein, Elizabeth Colson ndi Victor Turner, gulu lochedwa la Manchester. Maina a Ndilila, Katilungu ndi anzao amene anagogoda pa zitseko ndi kumasulira mau sawerengedwa, cifukwa makina amatola dzina la pa cikuto lokha. Nkhani ya anthu amenewa inadzalembedwa bwino mu 2001 ndi Lyn Schumaker m'buku la Africanizing Anthropology. Ndiponso mindandanda yaikulu imakondera magazini a Cingelezi a ku Ulaya ndi ku America, kotero kuti buku la Cinyanja, ngakhale liwerengedwe m'sukulu zonse za cigawo ca kum'mawa, kawirikawiri silioneka pa mapu.

Mu 1973 a Mitchell anasamukira ku Nuffield College ku Oxford, kumene anakhala kufikira atapuma pa nchito mu 1985. Kumeneko anabwereranso ku manambala amene anatola ku migodi zaka 30 m'mbuyomo, nawapimanso ndi kompyuta, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1987 m'buku la Cities, Society and Social Perception. Mu 1990 anasankhidwa kukhala membala wa British Academy. Anamwalira ku Oxford pa 15 Novembala 1995 ali ndi zaka 77. Bungwe limene anatsogolera linalowa m'manja mwa yunivesiti ya Zambia, ndipo litasintha maina kangapo tsopano lichedwa Institute of Economic and Social Research, ku Lusaka komweko.