Ibn al-Baytar, katswiri wa zitsamba wa ku Malaga

Amene amagwiritsa ntchito mafuta onunkhira a maluwa a lalanje pokonzekera Jumuah ali ndi chifukwa chodziwira dzina la Ibn al-Baytar. Iwo anabadwira cha ku Malaga, m'dziko la Andalusi, lomwe lero ndi kum'mwera kwa Spain, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Dzinalo limatanthauza mwana wa dokotala wa ziweto.

Maphunziro a zomera anakawachitira ku Seville pansi pa Abu al-Abbas al-Nabati, mphunzitsi yemwe ankatenga ophunzira ake kupita nawo kutchire kuti akaone chomera ndi maso awo. Khalidwe limeneli linali lofunika. Mabuku akale a Agiriki ndi a Aluya ankatchula chitsamba chimodzi ndi maina osiyanasiyana, ndipo sing'anga akasokoneza dzina ankatha kumwetsa wodwala chiphe m'malo mwa mankhwala.

Cha m'ma 1220 Ibn al-Baytar anachoka kwawo. Anayenda m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, kudutsa kumpoto kwa Africa mpaka ku Anatolia, akutola masamba, mizu ndi mbewu, komanso kufunsa eni dera dzina la chomera chilichonse. Atafika ku Egypt, mfumu al-Kamil inawaika kukhala mkulu wa akatswiri a zitsamba. Kenaka anakakhala ku Damascus, kumene ankafufuza zomera limodzi ndi wophunzira wawo Ibn Abi Usaybi'a.

Buku lawo lalikulu, al-Jami' li-Mufradat al-Adwiya wa al-Aghdhiya, likufotokoza zomera, zakudya ndi mankhwala pafupifupi 1,400 motsata ndondomeko ya zilembo za Chiarabu. Pa chilichonse amatchula amene analembapo kale, monga Dioscorides ndi Galen, kenaka n'kukonza pomwe iwowo analakwitsa. M'bukumo muli mandimu, malalanje ndi maluwa a rozi, ndiponso kapangidwe ka madzi onunkhira: maluwa amawawiritsa m'chiwiya chotseka, nthunzi imadutsa mu paipi n'kuzizira, ndipo madontho amene amagwa amakhala atatenga fungo la duwalo.

Njira imeneyi ikugwirabe ntchito lero. Mafuta a neroli amatengedwa choncho kuchokera ku maluwa a lalanje lowawa, mtengo womwe Aluya anaufalitsa ku Spain ndi ku Sicily. Mafutawa, pamodzi ndi a makoko a mandimu ndi zitsamba monga rosemary, ndiwo maziko a Eau de Cologne, yomwe Giovanni Maria Farina anayamba kupanga ku Cologne mu 1709, komanso a perefyumu ambiri a masiku ano.

Ibn al-Baytar anamwalira ku Damascus mu 1248, chaka chomwecho mzinda wa Seville unachoka m'manja mwa Asilamu. Minda yomwe anaphunziriramo inapita kwa eni ena, koma buku lawo linapitirira kuwerengedwa, ndipo Lucien Leclerc analimasulira m'Chifalansa pakati pa 1877 ndi 1883. Allah awachitire chifundo.